Vidiyo ya moto ija sinali ya ku Joni

Amene muli ndi abale ku Joni mukukumbuka mmene zinalili mu September 2019. Zipolowe zinabuka ku Jeppestown ndi madera ena a Johannesburg, mashopu a anthu obwera kuthyoledwa ena kuotchedwa, ndipo izi zinachitikadi, anthu anafa. Koma m'magulupu a WhatsApp munadzazanso zinthu zoti sizinali za kumeneko nkomwe. Yomwe inazungulira kwambiri ndi vidiyo ya nyumba yosanja ikuyaka anthu akudumpha kuchokera pamwamba, atalemba kuti obwera akuotchedwa ku South Africa. Chonsecho vidiyo ija inali ya ku India, mumzinda wa Surat, komwe pa 24 May chaka chomwecho moto unagwira nyumba yomwe ana asukulu ankachitiramo makalasi owonjezera, ophunzira 22 nkumwalira. Munthu wina anangotenga maliro a eni ake nkuwapatsa dzina lina basi.

Tangoganizani mayi ali ku Mangochi kapena ku Mzimba, mwana wake ali ku Joni, foni yake sikugwira, kenako wina akubwera nkumuonetsa vidiyo imeneyo. Nsima siilowa, tulo palibe, akungokongola mayunitsi kuimba kuimba nambala yomweyo usiku wonse. Ine ndi zimene zimandiwawa, amene washeya uja amaiwala pompo koma mayi uja BP yakwera. Ku Nigeria anthu anakaukira mashopu a Shoprite ndi maofesi a MTN, makampani a ku South Africa, pobwezera, mkwiyo unalipo kale inde koma mavidiyo abodza anakolezera moto.

Nde pali zina zochita kukonza pa kompyuta. Chithunzi cha shaki, chinsomba cholusa cha m'nyanja zikuluzikulu, ikusambira mumsewu wosefukira madzi chinatuluka mu 2011 nthawi ya namondwe Irene ku Puerto Rico, chinadzatulukanso mu 2017 ati ndi ku Houston ku America. Shaki ija anaijambula Thomas Peschak m'nyanja ya ku South Africa ikutsatira kabwato, wina anangoidula nkuimata mumsewu. Pano ndi AI ndiye zafika pena, mu March 2023 anthu ambirimbiri anakhulupirira chithunzi cha Papa Francis atavala chijekete choyera chofufuma, koma chinapangidwa ndi Midjourney, pulogalamu ya AI yopanga zithunzi.

Kufufuza sikudya bandulo yambiri ayi. Imitsani vidiyoyo, jambulani sikirinishoti, ikani pa Google Lens, pulogalamu ya Google yofufuzira zithunzi, nthawi zambiri ikuonetsani komwe chithunzicho chinaonekerapo kale. Yang'anitsitsaninso zikwangwani za mashopu zalembedwa chilankhulo chanji, manambala a galimoto ndi a dziko liti, anthu akukuwawo akuyankhula chani. Pa zithunzi za AI onani zala, makutu ndi zilembo, kawirikawiri zimakhala zopindikapindika ngakhale masiku ano akumazikonza bwino. Mabungwe ofufuza nkhani zabodza a Africa Check ndi AFP Fact Check ntchito yawo ndi yomweyi, lembani mawu awiri atatu a nkhaniyo pa masamba awo a pa intaneti muone ngati anaifufuza kale.

Chovuta kwenikweni ndi pagulupu ya pabanja kapena ya kutchalitchi, wotumizayo akakhala malume kapena akulu ampingo aliyense amangoti zii kuopa kuoneka wamwano. Sikuti muwachititse manyazi pagulu, alowereni ku inbox mwaulemu, "malume, vidiyo ija ndaipeza kuti ndi ya ku India, mwina muichotse anthu asade nkhawa," nkuwatumizira linki yake kuti adzionere okha.