Ana athu ayambe kukwera pa theka

M'mawa uno pa Chitakale, chiperoni chikuwaza, ndaona mtsikana wa Fomu 2 ataima m'mbali mwa msewu, makope atawakulunga m'jumbo kuti asanyowe. Minibasi zitatu zamudutsa chifukwa ndalama yake sinakwane. Wakabaza wina ndiye wamumvera chisoni n'kumukweza ulele. Mtima wandiwawa, abale.

Ku Scotland, kuyambira 2022 aliyense wosakwana zaka 22 amakwera basi kwaulere. Ku London nako ana aang'ono salipira m'mabasi. Ife kuno ku Mulanje thumba lathu silingafike pamenepo, ndikudziwa. Koma kodi khonsolo singakhale pansi ndi eni minibasi ndi akabaza n'kugwirizana kuti mwana wovala yunifomu azilipira theka? Pulayimale yaulere inayamba 1994, koma mwana akafika m'kalasi atatopa, zovala zili chonyowa, belu litalira kale, aphunzira chiyani? Chidutsireni namondwe Freddy mu 2023, m'midzi ina ana akuwolokabe mitsinje movutika.

Chinanso, tili ndi Nyumba ya Malamulo ya Ana, ndipo anawa amalankhula zomveka: milatho, zimbudzi za atsikana, maukwati a ana. Tikawaombera m'manja, nkhani imathera pomwepo. Makhansala athu, pokonza bajeti aitaneni anawa, akhale nanu pa tebulo.

Makolo anzanga, muwaloweze ana nambala ya 116. Ndi yaulere, mwana akachitiridwa nkhanza atha kuimba. Wanga ndamulembera kuseri kwa kope la masamu.