Mmene Ndinakaonera Mbale za Golide za ku Hejiacun

Chimene chinandifikitsa mumzinda wa Xi'an ku China chinali chuma chimene anthu ena anachipeza mwangozi mu 1970 pamene ankakumba maziko a nyumba m'mudzi wa Hejiacun. M'mitsuko iwiri ikuluikulu yadothi ndi mumtsuko umodzi wasiliva munatuluka zinthu zoposa 1,000 za m'nthawi ya ufumu wa Tang, umene unalamulira dziko la China kuyambira mu 618 mpaka mu 907, ndipo lero zimasungidwa ku Shaanxi History Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale ya mumzindawo.

Ntchito yoyamba inali yosungitsa malo pasadakhale, chifukwa ofuna kulowa amachuluka kwambiri. Ndinachita zimenezi pa WeChat, pulogalamu ya pafoni ya ku China, ndikulemba dzina langa ndi nambala ya pasipoti ndendende monga zilili m'bukumo, popeza pakhomo amafananiza ziwirizi. Tsikulo litakwana ndinakwera sitima yapansi panthaka, ndinatsikira pa siteshoni ya Xiaozhai, ndipo nditaonetsa pasipoti ndi kupimitsa chikwama ndinalunjika kuchipinda cha chumacho osacheukira kwina.

Apa m'pamene panafunika kudekha. Ndinaima kumbuyo kwa khamu mpaka mpata unapezeka patsogolo pa mbale yagolide imene ndinkaifuna, imodzi mwa ziwiri zofanana, yoti munthu angathe kuifumbata ndi manja awiri. Ndinayamba ndi kaumbidwe kake. Mmisiri anasula golideyo ndi nyundo kuchokera mkati, moti kunja kunatukuka mizere iwiri ya masamba a duwa la kakombo wa m'madzi, masamba khumi pa mzere uliwonse. Kenaka ndinawerama kuti maso alingane ndi mlomo wa mbaleyo, ndipo m'masamba apamwamba munayamba kuoneka tinyama togobedwa ndi kachitsulo kosongoka: abakha, kalulu, gwape ndi nkhandwe, chilichonse m'tsamba lakelake.

Chimene chinandigwira mtima koposa ndi malo amene diso lothamanga limawayesa opanda kanthu. Mipata yonse ya pakati pa masambawo yadzaza ndi timadontho tozungulira timene Atchaina amatitcha mazira a nsomba, ndipo kalikonse kanakhomedwa pakokha ndi kachitsulo kobooka kunsonga, koma palibe kamene kanakwera pa kanzake. Ntchito yake ndi kuphwanya kuwala kuti zithunzi zosalalazo zionekere bwino, ndipo ndinatsimikiza zimenezi posuntha pang'ono kumanzere, pamene tinyamato tinawala koma pansi pake panakhala ngati pachita mthunzi. Ndikuona kuti luso lenileni la mbaleyi lagona pamenepa, osati pa kuchuluka kwa golide.

Pomaliza ndinanyanyamphira kuti ndisuzumire mkati, mmene muli zilembo za inki yakuda zonena kulemera kwa mbaleyo pa muyeso wa liang, umboni wakuti wina anaiyeza ndi kuilembera asanaikwirire. Akatswiri ena amati chumachi chinabisidwa pa nkhondo ya An Lushan, mkulu wa asilikali amene anagalukira mfumu, imene inayamba mu 755, pamene ena amaloza kugalukira kwa asilikali kwa mu 783.

Ndisanatuluke ndinapita pa zikho za mbali zisanu ndi zitatu zokhala ndi chogwirira chonga mphete, zimene kapangidwe kake kanatengera kwa amalonda a ku Sogdiana, dera lakale la pakati pa Asia, ndipo pa mbali iliyonse panaima munthu wovala zachilendo, ena atanyamula zoimbira.