Wailesi imodzi, makutu awiri

Mu Novembala 2023, ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndinali kwathu ku Tsangano m'boma la Ntcheu, kumene amayi ndi mlongo wawo amalima mbatata ya kachewere m'minda yoyandikana. Nkhaniyo anaimvera pa wailesi imodzi, koma zimene aliyense anatolapo zinasiyana kutalitali.

Amalume ananena kuti ulimi watha, popeza feteleza ndi mankhwala opopera zikwera mtengo pamene ogula a ku Lizulu adzapitiriza kunenerera ngati kale. Amayi anangoyankha kuti, "Achimwene, mbuzi zathu sizinamve za kwacha," ndipo m'mawa mwake anayamba kututa manyowa m'khola.

Kwa nthawi yaitali ndinkawaona amalume ngati munthu wongodandaula, koma ndinkawalakwira. Chifukwa choti amayembekezera zoipa, amasunga mbewu yapadera ndipo sagulitsa chimanga chonse nthawi yokolola, moti mvula itadula mu 2024, nkhokwe imene tonse tinadyamo inali yawo. Vuto lawo ndi lakuti nkhawa imawalanda tulo ngakhale m'chaka chabwino. Mvula ikagwa mokwanira, iwo amakhala atayamba kale kulira matope. Chiyembekezo cha amayi nachonso si kutsinzina dala ayi. Amawerengera ndalama mosamala ngati mlongo wawo yemweyo, kungoti iwo amayamba ndi kufunsa chimene chatsala m'manja, osati chimene chatayika.

Ine ndinatengera amalume, ngakhale sindikonda kuvomereza. Mwezi watha ndinakana kulowa banki m'khonde poopa kuti wina adzathawa ndi ndalama, ndipo amayi anakalembetsa dzina langa osandiuza.