Mmene ndinatsukira Steve Reich ndi mankhwala otsukira mano

M'chaka changa chachiwiri mumzinda wa Leeds ku England ndinalowa m'sitolo ina ya zinthu zakaunjika ndikufuna jekete, koma ndinatulukamo nditakumbatira bokosi la zimbale 10 lolembedwa Works 1965–1995, lomwe kampani ya Nonesuch inatulutsa mu 1997. Dzina la mwini nyimbozo, Steve Reich, ndinali nditalimva kamodzi kokha pa wailesi, pomwe ankati mkuluyu, wobadwira ku New York mu 1936, anapita ku Ghana mu 1970 kukaphunzira ng'oma. Ine wokulira pafupi ndi bwalo la gule ku Dedza ndinati ndapeza mzungu wathu, ndipo za jekete zinathera pomwepo.

Madzulo ndinaika chimbale cha nyimbo zake zoyambirira, khutu lili tcheru kudikira mbalule. M'malo mwa ng'oma kunamveka mlaliki akukuwa za chigumula cha Nowa, kenaka anakakamira pa mawu atatu okha, "it's gonna rain", kutanthauza kuti kugwa mvula, nawabwereza mosapumira ngati mwana wolirira mandasi pa msika. Mayi a kunyumba anasuzumira kuchokera kukhitchini, chipande chili m'manja, nati: "Bambo a Chisomo, akuberani. Ndiye chimbale chokandikachi muzichivala kukazizira?"

Ndinachiuzira mpweya n'kuchipukuta ndi malaya, koma mlaliki sanasunthe. Ndinachipaka mankhwala otsukira mano monga tinkachitira kumudzi, ndipo ndinachikwecha ndi mtima wonse. Zitakanika, mlandu ndinaupereka kwa makina, ndipo ndinawanyamula kupita nawo kwa achimwene ena akwathu okonza mafoni, amene anawatsegula, kuuzira fumbi, n'kundiuza molimba mtima kuti diso lake linali litatopa. Anandilipiritsa mapaundi 25. Nditafika kunyumba, mlaliki uja anali pomwe ndinamusiya, akulosera mvula yake.

Loweruka ndinabwerera kusitolo nditakonzekeratu mkwiyo m'Chingerezi. Agogo amene ankagulitsa anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anatulutsa kabuku kamene kanali m'bokosi momwemo, komwe ine sindinakatsegule n'komwe. Mlalikiyo anali Brother Walter, amene Reich anamujambula mu 1964 akulalikira pa Union Square ku San Francisco. Reich anadula kachidutswa ka tepi, n'kulumikiza nsonga zake kuti kazizungulira, ndipo anaika timatepi tiwiri tofanana pa makina awiri. Poti makina ena ankathamanga pang'ono kuposa anzake, mawuwo ankayamba limodzi, n'kumasiyana pang'onopang'ono mpaka kudzakumananso. Chimene ine ndinkachotsa ndi mankhwala a mano ndicho chinali nyimboyo, ya 1965, ndipo nzeru yomweyo anaisamutsira pa mapiyano awiri mu 1967, kenaka pa ng'oma m'nyimbo yotchedwa Drumming ya 1971, imene inali phee pa chimbale china m'bokosi lomwelo. Agogowo anawonjezera mwaulemu kuti munthu amene ndinkamuyesa wakuba analandira mphoto yotchuka ya ku America ya Pulitzer mu 2009.

Chimene chinandiwawa n'chakuti ine ndiye sindinayenere kudabwa, pakuti kwathu timachezera usiku wonse ng'oma ikubwereza kamayimbidwe kamodzi, ndipo palibe anayamba wapita nayo kwa okonza.

Patapita mwezi tinalandira alendo a kumpingo, ndipo ndinaganiza zowaonetsa kuti tsopano ndine katswiri. Ndinaika chimbale chija, n'kuyamba kufotokoza za makina awiri aja, ndikuwalangiza kuti atseke maso amve mmene mawuwo akusiyanira mochenjera. Ndinagwedeza mutu kwa mphindi 40, abusa nawonso akugwedeza mwaulemu, tiyi akuzizira m'makapu. Pamenepo mayi a kunyumba anatola kabuku kaja, n'kuwerenga mokweza kuti nyimboyo sikwana mphindi 18, kenaka anatembenuza chimbalecho n'kuonetsa alendo mizere imene ndinakanda ndi mankhwala aja.