Ndinkayang'ana ku Zimbabwe, nkhani ili pakhomo

Sabata yatha m'kalasi tinali pa mutu wa kagawidwe ka malo m'mayiko omwe analamulidwa ndi atsamunda. Ine maganizo onse anathamangira ku Zimbabwe, kumene mu 2000 boma la Robert Mugabe linayamba kulanda mafamu a azungu. Ndinadzaza masamba atatu, ndikudzimva katswiri. Kenaka aphunzitsi anangofunsa kuti, "Inu a ku Mangochi, nanga Kudzigulira Malo?" Ndinangoti kukamwa yasa.

Chikhalirecho anthu omwe anapeza minda kudzera mu pulojekiti imeneyi ndinakula ndikuwaona kumtunda kwa Namwera. Tinkangowatcha obwera, basi.

Pulojekitiyi inayamba mu 2004 ndi ndalama za World Bank. Mabanja pafupifupi 15,000 anapeza minda, banja lililonse mahekitala ngati awiri, pa maesiteti omwe eni ake anavomera okha kugulitsa. Panalibe zikwanje. Ena anali a konkuno ndi Machinga, ena anachokera ku Thyolo ndi Mulanje, kumene tiyi amafika mpaka m'khonde mwa anthu. Kuthinana kwa kumeneko n'kwakale: m'zaka za m'ma 1890 Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, anapatsa azungu zikalata za malo, thangata n'kuyambira pomwepo, ndipo mkwiyo wake ndi womwe unaphulika ndi John Chilembwe mu 1915.

Chomwe chandisowetsa tulo ndi mbali ya kwathu. Titalandira ufulu mu 1964, boma la Kamuzu silinagawe maesiteti. M'malo mwake m'ma 1970 maesiteti a fodya anachuluka, ambiri atadulidwa pa malo a mafumu. Ndiye ganizirani munthu amene makolo ake anasunthidwa kuti fodya alimidwe. Wadikira zaka makumi, esiteti yafota, kenaka akuona lole ikutsitsa katundu wa anthu a ku Thyolo pomwepo. Onse awiri analandidwa, koma tsopano akukanganirana malire ndi chitsime chimodzi.

Mabanja ambiri anakolola chimanga chochuluka kuposa kale, zimenezo sinditsutsa. Koma munda sungakunyamule kupita kuchipatala usiku mvula ikugwa, ndipo nandolo wako amagulidwa pa mtengo umene vendala wofika ndi sikelo yake wanena. Ena anabwerera kwawo.

Ndawaimbira agogo kuwafunsa za esiteti ya kuseri kwa mudzi wathu. Anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Ubwere pa holide ndikakulozere pomwe panali manda. Za malo sitikambira pafoni."