Ndamaliza kulipira, sola ija tsopano ndi yathu

Dzulo madzulo pa foni panalowa uthenga wa manambala, ngati mmene zakhala zikuchitikira ndikatumiza ndalama. Ndinawadina pa kabokosi ka batire, magetsi n'kuyaka. Koma awa anali manambala omaliza. Kabokosi kaja katseguka mpaka kalekale, sikadzazimanso chifukwa cha ngongole. Ndiye ndati ndisakhale chete, ndithokoze pagulu.

Anzanga a kampani ya sola, zikomo kwambiri. Akuti mitengo ya sola inatsika pafupifupi ndi 90 peresenti pakati pa 2010 ndi 2020, komabe munthu ngati ine sindikanatha kutulutsa ndalama yonse tsiku limodzi. Inu munatikhulupirira. Munati tipereke kangachepe poyamba, zotsalazo tizilipira pang'onopang'ono pa foni, ndalama yomwe ija tinkathera pa parafini, makandulo ndi mabatire a tochi. Inde mumachita bizinesi, koma ndaona ndekha kuti phindu lokha si limene linakufikitsani kumidzi kopanda mapolo a magetsi.

Mayi amene munadzatilembetsa, inu ndiye mawu akundichepera. Mwana wathu atagonekedwa m'chipatala, ndalama zonse zinathera komweko, ndipo kunyumba magetsi anazima milungu ingapo. Tsiku limene ndinakuonani mukutsika njinga pabwalo, mtima unagunda, ndinati basi abwera kudzalanda katundu. Inu munayamba mwafunsa za mwana. Munakhala pansi, tinawerengera limodzi zimene ndingakwanitse, mpaka ndinayambiranso kulipira. Ulemu umenewo sindidzauiwala.

Achimwene okonza zipangizo, nanunso zikomo. Nditadandaula kuti batire ikutha msanga, munakwera padenga n'kupeza fumbi litakuta sola yonse, nthambi ya mtengo nayo ikutchinga dzuwa. Munandionetsa kapukutidwe kake ndi kansalu konyowa, osandiuza kuti ndigule china. Mpaka lero ndimapukuta.

Mayi a kunyumba, munapirira nane mwezi ndi mwezi, nthawi zina tikudzimana zina kuti tisaphonye tsiku. Anansi amene mumabwera kudzatchajitsa mafoni, dziwani kuti kandalama kanu kanathandiza kutseka ngongoleyi.

Mu 2015 mayiko a mu United Nations anagwirizana kuti pofika 2030 munthu aliyense akhale ndi magetsi odalirika, otsika mtengo. Koma kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anthu pafupifupi 600 miliyoni akadali mumdima, ndipo zimandipweteka chifukwa mdimawo ndimaudziwa: utsi wa koloboyi m'maso, mwana kudzuka mphuno zitada, mantha a kandulo pafupi ndi neti. Chonde musatope, pitirizani kulowa m'midzi imene ena amailambalala.

Usiku wathawu mwana uja analemba ntchito yake ya kusukulu pansi pa babu mpaka tulo tinamugwira patebulo pomwepo. Ndinamunyamula, kenako n'kuzimitsa ndekha.