Tsiku limene disiki imodzi inafa mu seva yathu

Lolemba m'mawa ndinapeza imelo yochokera ku seva ya pa ofesi yathu, yonena kuti array, gulu la madisiki ogwira ntchito ngati imodzi, ili degraded. Mtima unali m'mwamba, poti mafayilo onse a maakaunti amakhala mmenemo. Koma ndisanagwire sikuludiraiva, ndinayamba ndakhala pansi kuti ndimvetse zimene makinawo akundiuza, chifukwa pa ntchito imeneyi kusamva bwino liwu limodzi kungakuchititse kuzula disiki yolakwika.

Seva yathu ili ndi madisiki anayi a 4 TB, omangidwa pamodzi ngati RAID 5 kudzera mu mdadm, pulogalamu ya Linux yoyendetsera RAID. RAID 5 imaduladula deta n'kumwaza zidutswazo pa madisiki onse, ndiye striping imeneyo. Pa mzere uliwonse wa zidutswa imasunganso parity, chidutswa chowonjezera chimene chimawerengedwa kuchokera ku zinzake. N'chifukwa chake timagwiritsa ntchito 12 TB yokha, osati 16. Disiki imodzi ikafa, makina amatenga zitatu zotsalazo n'kuwerengera chimene chasowacho. Degraded ikutanthauza zimenezo: palibe chatayika, anthu akugwira ntchito bwinobwino, koma chitetezo chatha. Yachiwiri ikangofa, zonse zapita.

Ndinalemba cat /proc/mdstat, lamulo loonetsa mmene array ilili, ndipo m'malo mwa UUUU, pamene U aliyense amaimira disiki yamoyo, ndinaona UU_U. Kamzere kapansiko ndiye disiki yakufayo. Lamulo la mdadm --detail linaitchula kuti faulty, ndipo inali sdc.

Choyamba ndinakopera mafayilo ofunika pa disiki yakunja. Ambiri amaona ngati RAID ndi backup, kope la mafayilo losungidwa padera, pamene si choncho, ndipo zimandidetsa nkhawa. Mukafufuta fayilo mwangozi, imafufutika pa madisiki onse nthawi yomweyo.

Kenako panali ntchito yozindikira disiki yeniyeniyo m'bokosi. Dzina loti sdc silikuuzani kuti ili pa malo achitatu, ndiponso limatha kusintha mukazimitsa makina n'kuyatsanso. Ndinatenga serial number yake ndi smartctl, pulogalamu yowerenga zokhudza disiki, n'kuilemba papepala, n'kuifananiza ndi chomata cha padisikiyo kawiri konse. Nditaichotsa mu array ndi mdadm --remove, ndinaisolola seva ili chiyakire, poti bokosi lathu limalola hot swap, kusintha disiki osazimitsa makina. Yatsopanoyo ndinaigawa ma partition, kapena kuti zigawo, ofanana ndi a zinzake, n'kuilowetsa ndi mdadm --add.

Apa m'pamene rebuild imayamba, ndipo ndiye nthawi yoopsa kuposa zonse. Kuti disiki yatsopano idzaze, makina amawerenga sector iliyonse, kutanthauza kachigawo kakang'ono kalikonse, ya madisiki atatu akalewo, amene anagulidwa tsiku limodzi ndi womwalira uja ndipo atopa mofanana. Ndinaonetsetsa kuti UPS, batire lothandiza seva magetsi akazima, ili ndi moto wokwanira, n'kupempha anzanga kuti asakopere mafayilo aakulu tsikulo.

Ndikudikira, ndinakumbukira kuti pamene David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz a ku Berkeley ankafalitsa dzina la RAID mu 1988, chilembo cha I chinkaimira inexpensive, kutanthauza madisiki otsika mtengo. Pambuyo pake chinasanduka independent, kutanthauza madisiki odziimira paokha.

Usiku, mdstat inaonetsa UUUU ndipo array inabwerera pa clean, kutanthauza kuti zonse zili bwino. M'mawa mwake ndinalembera abwana kalata yopempha madisiki ena awiri: imodzi ikhale hot spare, yongodikira kuti rebuild izidziyambira yokha, inayo itisamutsire ku RAID 6, imene imapirira ngakhale awiri atafa.